Mwana wa Nyengo ya Fodya

"Ndiye mukuti ndimuuze mwanayu adikire kaye fodya wa eni aume?"

Nthanda anafunsa ali chiimire pakhomo, dzanja lina m'chiuno, lina litachirikiza mimba. Apongozi ake, a Edna, sanadzutse n'komwe mutu. Anali pamphasa akutikita miyendo yawo yotupa ija, ngati kuti amene walankhula ndi wailesi ya kwa aneba.

"Tsitsa mawu, iwe," anatero. "Makoma a pakomboni pano ndi opyapyala. Ukufuna aliyense adziwe kuti m'nyumba mwa Edna muli mimba yachilendo?"

"Adziwe, Amayi. Mwina wina angandimvere chisoni."

"Chisoni? Pano? Adzangoti unayenda ndi mwamuna wina, kapena kwanu ku Ntcheu kuja unachokako utalakwira mizimu. Anthu a pano ukuwadziwa kapena umangowapatsa moni?"

Spencer, mwamuna wa Nthanda, anali panja pa njerwa akumwa tiyi, maso ali psuu ndi utsi wa kubalani kumene ankawotcha fodya. Pa mikangano ya mayi ake ndi mkazi wake mnyamatayu anali ndi luso limodzi lokha: ankasanduka mtondo. Ungamutchule dzina kangati, tiyi wake sankatha.

Nkhani yake inali iyi. Sisita Nyaradzo wa kusikelo ya ku Odzi anali atamutumiza Nthanda ku Mutare kukaunikidwa mimba. Kumeneko adokotala anamuonetsa pa kanema kuti pamimba pa mwanayo, pambali pa mchombo, panali posatsekeka, ndipo matumbo anali atatulukira pamenepo n'kumayandama m'madzi a m'chiberekero. Anamuuza kuti si mlandu wake ndipo si mlandu wa munthu aliyense. Anati mwana wotere angathe kukhala ndi moyo, koma abadwire ku Harare, kumene kuli madokotala obwezera matumbowo m'mimba akangobadwa. Anatinso asadikire kuti miyezi ikwane, chifukwa matumbo akakhalitsa m'madzimo amatupa n'kuwonongeka, komanso ana otere amakonda kubwera msanga, osagogoda. Choncho anamupatsa tsiku lake, masabata atatu lisanafike lija linalembedwa pakhadi ya kusikelo, n'kumuchenjeza kuti mwanayo akadzabadwira kwina, chimene chidzamuphe ndi ulendo.

Tsikulo linagwa pakati penipeni pa nyengo yothyola fodya.

Nyumba za pakombonipo anamanga ndi mzungu wina amene anachoka nthawi yogawa minda. Tsopano puloti inali ya a Taurai, amene ankakhala m'tauni ku Morningside n'kumalima pa foni. Lamulo lawo linali lalifupi: nthawi yothyola, nyumba iliyonse itulutse anthu awiri, ndipo nyumba yolephera ipereke makiyi. Miyendo ya a Edna inali itakana kale ntchito. Anthu awiriwo ndiye anali Spencer ndi Nthanda, ndipo malipiro ankabwera fodya akagulitsidwa.

"Ine ndabereka ana asanu m'chipinda chomwechi," anapitiriza a Edna. "Palibe dokotala anandisankhirapo tsiku. Mwana amadziwa yekha nthawi yake. Izi zomukoka asanafune ndi za makono."

"Ana anuwo matumbo awo anali kunja?"

"Usandiyankhe ngati mnzako!"

"Bambo a m'nyumba," anatero Nthanda akutembenukira panja, "tiyi wanuyo ali ndi mafupa? Mwanayu ndi wanga ndekha?"

Spencer anaika kapu pansi. "Tikawauze amalume," anatero. "Ndi amene angatithandize."

Amalumewo anali a Filimoni, mchimwene wawo wa a Edna, ndiponso folomani wa papulotipo. Anabadwira pakomboni pomwepo ngati wina aliyense, koma chilandirireni foni ya ntchito ndi jombo zatsopano, ankayenda ngati fodya yenseyo anamera m'thumba mwawo. Anawapeza kushedi akuwerenga ndodo zomangirapo fodya. Anamvetsera nkhani yonse mutu uli pambali, ndipo kunena zoona nkhope yawo inagwa atamva za matumbo. Kenako anatola tsamba limodzi la fodya n'kulitambasula pabondo.

"Mwana wanga, ine sukulu sindinapite patali, koma izi ndazigwira kuyambira ndili wovala kabudula. Tsamba ili ukalithyola lisanakhwime, m'balani limatuluka lobiriwira, ndipo ogula amangolikankhira pambali. Chilichonse chili ndi kukhwima kwake. Ndiye dokotala akuti mwana wodwala kale amutulutse wosakhwima? Si bwino akhale m'mimbamo alimbe kaye, akakumane ndi mpeniwo ali ndi mphamvu?"

"Amalume, anati akachedwa matumbo amawonongeka."

"Madokotala amaopseza kuti munthu afulumire. Khadi yako ikuti liti?"

"Kumapeto kwa mwezi wamawa. Koma tsiku limenelo anati ndiliiwale."

"Waona? Ndiye kuti masabata atatu alipo osungira. Ndipo mimba yoyamba imachedwa, funsa mayi aliyense. Ife sitikupempha atatu onsewo. Imodzi yokha. Tingomaliza tsamba lapakatili, ndidzakukwezani ndekha kombi ya ku Harare."

"Nanga ndikanyamuka mawa?"

A Filimoni anapinda tsamba lija bwinobwino. "Ukanyamuka mawa, nyumba ya mlongo wanga yatsala ndi munthu mmodzi. Ine ndikabisa bwanji? Akazi a pano ali ndi maso. Wina mawa adzati nayenso mwana wake akutsokomola. Ndiye Spencer osanena n'komwe. Balani ukayatsa moto sumausiya mpaka fodya atauma, ndipo pano palibe wina amene amadziwa kukweza ndi kutsitsa moto ngati iyeyu. Palibe. Akachoka tsiku limodzi, balani yonse yada."

"Abwana amapita ku Harare kawirikawiri," anatero Nthanda. "Muwapemphe andinyamuleko. Ndikhala kumbuyo, sindidya malo."

Folomaniyo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu womvera chisoni mlendo. "Ukuoneka kuti unabwera dzana. Bwana wamkulu sauzidwa za mimba. Galimoto ija si ambulansi."

Nthanda anayang'ana mwamuna wake. Spencer ankayang'ana ndodo za fodya.

Masana ake anamupititsira chakudya kubalani. Anamupeza akuponya chipika m'ng'anjo, malaya atavula, thukuta lili noninoni. Anakhala pa mulu wa nkhuni, ndipo mwana anamumenya kachidendene pansi pa nthiti. Mtima unamuwawa. Mwana ameneyu ankasewera ngati mwana wina aliyense, osadziwa kuti anthu akulu akumuyerekeza ndi tsamba.

"Inu munalipo ku Mutare," anatero. "Munaona ndi maso anu. Bwanji simunawauze amalume anu zimene munamva?"

"Ndikanati chiyani, Nthanda?"

"Mukanati mwana wanga si fodya."

Spencer anapukuta nkhope ndi malaya. Chichewa chake chinali chija cha obadwira kuno, chosakaniza, koma tsiku limenelo chinamveka bwino. "Iwe uli ndi kwanu. Zikavuta ukwera basi, ukafika ku Ntcheu amayi ako akulandira. Ife kwathu ndi kuti? Ku Malawi sitikudziwako ngakhale njira. Kuno amati ndife obwera. Nthawi yogawa minda anatidumpha ngati chitsa. Bambo anga agona kuseri kwa bulugamu uko. Akatilanda nyumba, amayi ndi miyendo ija ndikawaika pati? Zvakaoma, mkazi wanga, n'zovuta."

"Ndiye mwasankha nyumba."

"Sindinasankhe. Ndi sabata imodzi yokha. Mulungu sangatitaye chifukwa cha sabata imodzi."

Nthanda anayamba kusonkhanitsa mbale. Ankaopa Harare, mzinda umene anangoudutsa kamodzi pa basi, chaka chija ankapita ku Joni ndalama n'kumuthera panjira. Chishona chake chinali chogulira tomato. Ndalama yokwerera analibe, pokafikira analibe. Koma koposa zonsezi ankaopa kukhala iye mkazi wobwera amene anagonetsa apongozi ake panja. Mantha amenewa ndi amene anamumanga miyendo.

Komabe anayesako kamodzi. Loweruka a Taurai anabwera kudzaona fodya. Anaimika galimoto yawo yoyera pafupi ndi shedi, n'kutsika foni ili kukhutu. Sanali munthu wankhanza ayi; ana a pakomboni ankawapatsa masiwiti, ndipo ankadziwa mayina a agalu onse. Nthanda anasiya masamba amene ankamanga pa ndodo, n'kuyenda molunjika kwa iwo. Anagwada movutikira.

"Bwana, ndili ndi pempho."

A Taurai anamumwetulira, n'kuloza ndi chibwano kumene kunali folomani. "Taura naFilimoni," anatero, kutanthauza kuti akalankhule ndi a Filimoni, ndipo anapitiriza za pa foni zija. A Filimoni anali atafika kale kumbuyo kwake.

"Dzuka, dzuka, usatichititse manyazi," ananong'ona. "Tinagwirizana kale."

Tsiku la adokotala linafika. Kunacha bwino, kopanda mtambo. Nthanda anadzuka, navala, nayang'ana chikwama chimene anali atalongedzamo matewera ndi kabulangete, kenako anatenga mpango wa kuntchito. Foni yake inalira kawiri ali kushedi. Anali Sisita Nyaradzo. Anaisiya ilire, chifukwa analibe mawu oti akawauze. Dzuwa linalowa monga limalowera masiku onse.

"Waona?" anatero a Edna madzulo ake, ali okondwa zenizeni. "Tsiku lija si ili ladutsali? Chachitika n'chiyani? Mwana akusewera kapena sakusewera?"

"Akusewera."

"Basitu. Ife tinakula tikuona zinthu."

Ndipo anamupatsa ndiwo zambiri kuposa masiku onse, chifukwa mayiwa sankamuda mpongozi wawo. Ankangoopa makiyi.

Sabata ija inatha. Mvula inagwa, kenako dzuwa linaomba, fodya n'kupsa yense nthawi imodzi ngati wachita kupangana. A Filimoni anati angowonjezera masiku pang'ono. Masiku pang'ono a folomani alibe mchira.

Matenda anamuyamba Lachitatu m'mawa ali kushedi. Poyamba anadziuza kuti ndi msana chabe, poti anali ataima kuyambira mbandakucha. Kenako madzi anasweka, ndipo Joice, mkazi amene ankamanga naye ndodo imodzi, anaponya masamba pansi n'kukuwa.

"Amayi inu, thandizani! Itanani thirakitala!"

Thirakitala inali kumunda, ngolo yake itadzaza masamba. A Filimoni anathamanga ndithu, tisawanamizire, koma atafika anati fodya wothyola kale sangakhale padzuwa, amutsitse kaye mwachangu. Amuna anatsitsa mwachangu. Mwachangu mwakemo Nthanda anali akuluma mpango pansi pa shedi, akazi atamuzinga ndi zitenje.

"Spencer ali kuti?" anafunsa.

"Akubwera," anatero Joice.

Anabweradi, nathandiza kumukweza m'ngolo, namugwira dzanja. Thirakitala italira, a Filimoni anamukhudza paphewa. "Balani ili pa moto waukulu lero, mphwanga. Izi ndi za akazi. Joice apita naye." Spencer anathamanga pambali pa ngoloyo mpaka pa geti. Pamenepo anaima.

Mwana anabadwira m'ngolomo, pa zitenje za eni, atatsala pang'ono kufika kusikelo. Anali wamkazi. Analira mokweza ngati mwana wabwinobwino, ndipo Joice anayamba kululutira, koma nthungululuyo inathera pakhosi ataona pamimba. Sanadziwe chochita. Anavula juzi yake n'kumufunditsa, fumbi la fodya lili lonse.

Sisita Nyaradzo anatuluka akuthamanga. Sanakalipe. Anachotsa juzi ija pang'onopang'ono, ulusi wake utamatirira kale, nakulunga pamimba pa mwanayo ndi pulasitiki yoyera, kenako nsalu zofunda pamwamba. Manja ake ankagwira ntchito, koma maso ake anali pa Nthanda.

"Mwanangu, ndinakuimbira," anatero motsitsa mawu.

"Ndinaona, Sisita."

"Ndinkaganiza kuti uli kale ku Harare."

Mwana wotere sakanapirira msewu wautali asanamuike madzi m'mitsempha, ndiye ambulansi inayamba yalowera ku Mutare, kumbuyo kwenikweni kwa ulendo. Anakwera phiri la Christmas Pass, natsikira m'tauni. Kumeneko anamuika diripi ndi kapaipi ka m'mphuno, ndipo atakhazikika anauyamba wa ku Harare, kukweranso phiri lomwe lija. Atafika pa mphambano ya ku Odzi, Nthanda anasuzumira pawindo. Patali, kuseri kwa bulugamu, utsi wa balani unkakwera mowongoka bwino. Moto unali m'manja abwino. Anatembenuka n'kuika chala chake m'kadzanja ka mwanayo, ndipo kanamugwira. Kanali kozizira.

Anamutcha Dinna, dzina la mayi ake a ku Ntcheu. Sanafunse munthu.

Ku Harare anamulandira mwachangu. Dokotala wachitsikana, wamaso otopa, anatsegula pulasitiki ija, nayang'ana nthawi yaitali. Anapeza namwino wina wodziwa Chinyanja kuti amasulire. Anati matumbo atupa kwambiri ndipo mbali ina yada, thupi lazizira, ndipo tizilombo talowa kale m'magazi. Anati ayesetsa. Kenako anayang'ana mapepala a ku Mutare aja n'kufunsa funso limene Nthanda ankaliopa kuyambira pa Odzi.

"Tsikutu munapatsidwa. Chinachitika n'chiyani, mayi?"

Nthanda anatsegula pakamwa. Akanati chiyani? Akanati tsamba lapakati linali lisanathe? Anangoti, "Kunali ntchito," ndipo anamva manyazi ngati kuti ntchitoyo anailamula ndi iye.

M'chipindamo munali ana ena awiri a vuto lomwelo. Mmodzi anabadwira pomwepo, pa tsiku limene mayi ake anauzidwa. Matumbo ake anali m'kathumba kopachikidwa pamwamba pa mimba, ndipo m'mawa uliwonse anamwino ankawatsitsirako pang'ono mkati. Mayi ake, mkazi wonenepa wa ku Chipinge, ankamugawira Nthanda buledi ndi kumuuza ndi manja kuti alimbe mtima. Nthanda ankalandira bulediyo, koma pakathumba paja sankatha kuyang'anapo nthawi yaitali. Nsanje yake inali yoopsa, ndipo ankadziwa kuti mayi uja sanamulakwire kanthu.

Dinna anakhala masiku owerengeka. Sanayamwe ngakhale kamodzi. Nthanda ankafinyira mkaka m'kapu, anamwino n'kumamuuza kuti alimbe mtima, nthawi yake ifika. Loweruka masana, dzuwa likuwala pawindo, kadzanja kaja kanamasuka.

Anaimba foni kunyumba. Anayankha ndi Spencer, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka nkhuni zikuthetheka.

"Mwana wapita," anatero Nthanda. Kenako anadula foni.

Zimene zinachitika pambuyo pake zinamudabwitsa kuposa imfayo, chifukwa imfa anali ataiona ikubwera. Lolemba m'mawa akutuluka ku ofesi ya mapepala a maliro, anaona galimoto yoyera itaima pa geti la chipatala. Anaidziwa. Kutsogolo kunali dalaivala ndi a Filimoni atavala jekete. Kumbuyo kunali Spencer, atameta ndevu, malaya ochapa, atafungatira kabokosi koyera kopaka utoto wosauma bwino.

Spencer anatsika akulira. Nthanda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nanga moto?" anafunsa.

"Chiyani?"

"Moto wa kubalani. Mwausiyira ndani?"

"Amalume anaikapo mnyamata uja Munashe."

"Munashe amatha?"

Spencer anapukuta misozi. "Amatha. Ndinamuphunzitsa chaka chatha."

A Filimoni anafika atagwira chipewa pachifuwa. "Pepa, mwana wanga, pepa kwambiri. Mulungu wapereka, Mulungu watenga. Koma abwana atichitira zazikulu. Nditangowaimbira kuti kwagwa zovuta, sanalole n'komwe ndimalize. Anati tengani galimoto, mafuta athira okha, matabwa a bokosi ndi awo. Anati pa maliro munthu safunsa kawiri."

"Munawaimbira," anatero Nthanda.

"Pompo. Nkhani ya maliro sichedwetsedwa."

Anakwera kumbuyo, kabokosi kali pamiyendo pake. Galimotoyo inkathamanga bwino, yosagwedeza n'komwe. Anadutsa Marondera, anadutsa Rusape, dzuwa lisanapendeke anali atakhota pa Odzi. Ulendo wonse umene unakanika mwezi wathunthu unali waufupi chomwechi. Spencer anayesa kumugwira dzanja panjira, ndipo iye sanalichotse, koma sanalibwezere.

Mwa mwambo, khanda la masiku ochepa amakaliika amayi okhaokha mwakachetechete, popanda nyimbo. Koma poti abwana anali atapereka galimoto, ndiponso anali atanena kuti abwera okha, malirowo anakula. Ntchito inaima tsiku lonse. Fodya amene sankatha kudikira ola limodzi anadikira. Akazi amene a Edna ankawaopa aja anabwera ndi nkhuni, ufa ndi masamba, ndipo palibe anatchula za mwamuna wina kapena za mizimu. Joice anali atawauza zonse, ndipo ambiri ankangoti akanadziwa akanasinthana kumugwirira ntchito. Mwina ankanena zoona. Pa maliro aliyense amakhala ndi mtima wabwino.

A Edna analira kuposa onse. Anadzigwetsa pakhomo, akuitana mdzukulu amene sanamuonepo. Nthanda atadutsa pafupi anamugwira chitenje.

"Ndikhululukire, mwana wanga. Ine ndinkati sabata imodzi."

"Nyumba ilipo, Amayi," anatero Nthanda. "Musalire kwambiri."

Anamuika kuseri kwa bulugamu, pafupi ndi agogo ake aamuna. Dzenje lake linali laling'ono moti anyamata anamaliza kukumba asanatuluke thukuta. Atabwerako anthu anakhala pabwalo, amuna uku akazi uku, ndipo a Taurai anawaikira mpando wa pulasitiki pamthunzi. Foni anali ataizimitsa. Ankaoneka achisoni ndithu.

A Filimoni anaimirira kuti alankhule m'malo mwa banja. Anathokoza mpingo, anathokoza okumba manda, anathokoza amayi ophika. Kenako anafika pamene ankafuna. Anati masiku ano mabwana otere ndi osowa, anthu oti wantchito akaferedwa amamva ngati aferedwa okha. Anatchula galimoto, anatchula mafuta, anatchula matabwa. Anthu anaomba m'manja mofatsa, mwa pamaliro. Atatha anawerama kwa Nthanda.

"Dzuka, mwana wanga, ukathokoze wekha. Zimakoma zikachokera kwa mwini wake."

Nthanda anadzuka. Mabere anali atamuwawa tsiku lonse, ndipo mkaka unali utadontha mpaka kunyowetsa bulauzi. Sanabise. Anayenda pakati pa anthu pang'onopang'ono, nagwada patsogolo pa mpando uja, pamalo ngati omwe anagwada tsiku lija kushedi. Analankhula Chichewa cha kwawo, chosasakaniza, mokweza kuti ndi a kumbuyo omwe amve.

"Zikomo, bwana. Mwana wanga wakwera galimoto yanu. Ndi yabwino, siichedwa. Ndinabwera kudzaipempha ali moyo, kuti itipititse. Mwatipatsa yobwerera."

Mayi wina anabisa nkhope m'chitenje. Spencer, amene ankamva zilankhulo zonse ziwiri, anadzuka theka, ndipo Nthanda anamuyang'ana, kumudikira. Amalume ake anamuyang'ananso. Spencer anakhalanso pansi.

A Taurai anatembenukira kwa folomani wawo. "Ari kuti chii?" anafunsa, kufuna kudziwa zimene mayiyo wanena.

A Filimoni anakonza kukhosi. "Akuti akuthokoza kwambiri, bwana. Akuti galimoto yanu ndi yabwino."

A Taurai anagwedeza mutu mokhudzidwa, naika dzanja pachifuwa.

"Palibe kanthu, ndife amodzi," anatero m'Chishona chofatsa. "Muuze apume. Ayambe ntchito Lolemba."